Zafika Pati? Zolemba za Mlembi pa Ntchito Yosaka Ndalama za Sukulu Yathu ya Mkombaphala

Komiti inandipatsa ntchito yoti ndizilemba zonse zimene tikuchita posaka ndalama, kuti inu ana a kuno amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni musamangomva za m'maluwa. Aliyense akandiimbira foni funso ndi lomwelo: "Aphunzitsi, zafika pati?" Nazi tsono, monga ndinazilembera m'kope langa. Maina a maofesi amene anatikhumudwitsa ndawachotsamo, chifukwa mawa tidzagogodanso pa zitseko zomwezo.

Kwa inu amene simunabwere kumudzi posachedwa: kanyumba ka zidina kaja, kofolera ndi udzu, kanagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kuyambira pamenepo ana athu, oposa 60, amaphunzirira m'tchalitchi. Kukagwa maliro kapena kukakhala msonkhano wa mpingo, alezi amawatulutsa n'kukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango. Chimene tikufuna si chachikulu: zipinda ziwiri, kakhitchini kophikira phala, ndi zimbudzi za mabowo ang'onoang'ono oyenera ana.

Malichi 2025, sabata yomaliza

Tinakumana pabwalo la a mfumu. Atcheya anatulutsa envulopu yakhaki imene ankaisunga ngati kalata ya ukwati. Munali pulopozo, kalata yopempha thandizo la ndalama, imene anatilembera anyamata a bungwe lina lomwe linkagwira ntchito m'dera lino la T/A Mwambo, ndipo anatilonjeza kuti ikapita kwa mabwana awo, nyumba yathu imangidwa. Tinadikira zaka ziwiri. Mu Januwale chaka chino boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumaiko akunja, ndipo pasanathe masabata angapo ofesi ya anyamata aja inali yotseka, njinga zamoto zitalowetsedwa m'nyumba. Iwonso ntchito inawathera, ndiye sitingawakwiyire.

Ndinaiwerenga mokweza. Titafika pa bajeti, mmisiri wathu anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba. Mitengo yonse inali ya kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene pepalalo linkati ikwanira nyumba yonse, iye anati mwina ingafike pa mawindo.

Tinagwirizana zoyambiranso, koma ulendo uno tokha.

Epulo

Mwezi wonse wathera pa mapepala. Ndinkaganiza kuti kusaka ndalama kumayamba ndi kulemba kalata yogwira mtima. Kumayamba ndi kufunsidwa kuti inu ndinu ndani, ndipo ndani angakuchitireni umboni.

Satifiketi ya gulu lathu, imene tinatenga ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku boma, inanyowa ndi madzi a Freddy ndipo chidindo chake sichinkawerengeka. Malamulo a gulu anali m'mutu mwa atcheya basi. Akaunti ya ku banki inali itagona chifukwa panapita nthawi yaitali osaikamo kanthu, ndipo mwa osainira atatu, mmodzi anatisiya chaka chatha, wina anakwatiwa ku Phalombe. Kuti tisinthe osainira, a banki anafuna mfundo za msonkhano umene unasankha atsopano, malamulo a gulu, zitupa za unzika ndi kalata yochokera ku ofesi ya zachisamaliro. Ku ofesiko anati tibwere ndi kalata ya a gulupu ndi ya alangizi oona za ana a m'dera lathu. Alangiziwo anali ku maphunziro.

Ndapita ku tauni kanayi. Kabaza mpaka pa Jali, minibasi mpaka ku Zomba, ndipo ndi kusowa kwa mafutaku mtengo umasintha malinga ndi nkhope ya kondakitala. Ulendo wachitatu ndinabwerako wopanda chilichonse kupatula chimanga chootcha. Msungichuma wathu, mayi wosaseka ndi ndalama, anandilembetsabe m'buku kuti ndapita tsiku lakuti, ndawononga zakuti, ndabwera ndi chakuti. Pa "chakuti" ndinalemba kuti "palibe". Anati ndisaine.

Chimodzi chimene ndaphunzira ndipo ena chingawathandize: gulu la m'mudzi ngati lathu ndi bungwe lomwe si laboma ndi zinthu ziwiri zosiyana pamaso pa malamulo. Ife timalembetsa ku khonsolo kudzera ku ofesi ya zachisamaliro. Mabungwe akuluakulu amalembetsa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022, ndipo kumeneko kuli ndalama zolipira chaka ndi chaka komanso malipoti a zachuma ounikidwa ndi akatswiri. Achinyamata ena amafuna tithamangire kumeneko kuti "tizioneka". Ndinawafunsa kuti katswiri wounika mabuku tidzamulipira ndi nandolo? Nkhaniyo taiimika kaye.

Epulo, kumapeto

Mdzukulu wa atcheya, amene akuphunzira ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba, anatipatsa Loweruka lake lonse. Tinakhala pa khonde la nyumba ina ku Chikanda ndi laputopu yake ndi bandulo imene tinamugulira, n'kulemba zitseko zonse zimene zilipo. Zinatuluka zambiri ndipo mtima unakwera. Titayamba kuwerenga zofunika pa chitseko chilichonse, mndandanda unayamba kufota ngati bonongwe padzuwa.

NEEF, imene abambo ambiri amaitchula pa msonkhano, ndi ngongole, ndipo sukulu ya mkombaphala sigulitsa kanthu koti ibwezere. AGCOM imapereka thandizo ndithu, koma kwa makopaletivu a alimi ochita malonda, ndipo nawonso amayenera kuikapo gawo lawo. Tilitonse Foundation imayang'ana kwambiri za ulamuliro wabwino ndi kuti nzika zizitha kufunsa atsogoleri awo. Mary's Meals, imene inayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002, ntchito yake ndi phala. Tingadzaifune m'tsogolo, koma lero vuto lathu ndi denga. Ofesi ya kazembe wa Japan ili ndi thumba la ntchito za m'midzi limene limamanga zinthu zooneka ngati midadada ya sukulu ndi zipatala, osati kulipira malipiro, koma limafuna wopempha wokhala ndi mbiri ya zachuma yolembedwa bwino, ndipo ife akaunti yathu yangodzuka kumene. Press Trust nayo yamanga midadada ya sukulu m'maboma ambiri. Palinso World Connect ndi Firelight Foundation, amene amadziwika ndi kuthandiza ntchito zoyambitsidwa ndi anthu a m'midzi eni ake.

Mnyamatayo ananena chinthu chimene chinandikhala m'mutu. Anati, "Agogo, musamayambe ndi kuwerenga kuti akupereka zingati. Muziyamba ndi pamene alemba kuti sapereka kwa ndani." Zinatipulumutsa ku mafomu ambiri.

Zitseko zoti tingagogode chaka chino zatsala zinayi, kuphatikizapo khonsolo yathu yomwe.

Meyi, sabata yachiwiri

Pa gulu la WhatsApp la mpingo panabwera uthenga wokhala ndi mbendera ndi zizindikiro za mabungwe a kunja: magulu a m'midzi alandira mamiliyoni, ingotumizani ndalama yolembetsera pa nambala iyi lisanafike Lachisanu. Amayi awiri a m'komiti anali atayamba kale kusonkhetsa. Msungichuma anakana kutulutsa ngakhale tambala. Anaimba nambalayo pamaso pathu n'kufunsa kuti ofesi yawo ili pati kuti tikapereke pamanja n'kulandira lisiti. Foni inadulidwa. Poimbanso inali yozima.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa jekete, wonyamula chikwama cha laputopu, amene anati amalembera magulu mapulopozo ndipo "amadziwana ndi anthu a m'kati". Amafuna ya sopo poyamba, kenako gawo lake ndalama zikatuluka. Ndinamufunsa kuti gawo lakelo tidzalilemba pa mzere uti wa bajeti, popeza opereka ndalama amafuna lisiti ya thumba lililonse la simenti. Anati zimenezo zimakonzeka. A mfumu anamuthokoza chifukwa cha ulendo wake n'kuuza mwana kuti amuperekeze mpaka pa msewu.

Meyi, kumapeto

Apa tinakangana, ndipo ndilembe mosabisa kuti ine ndinali kumbali yolakwa.

Thumba la GEF (la maiko onse, loteteza zachilengedwe) la magulu ang'onoang'ono, limene limayendetsedwa kudzera ku UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, linkapereka mpaka madola 50,000 pa ntchito imodzi yosamalira zachilengedwe. Palinso MEET ku Blantyre imene imathandiza ntchito za mtundu womwewo. Nditaona nambalayo ndinasinthira m'makwacha pamtima, tulo tinandithawa. Kutacha ndinapita kwa atcheya ndi nzeru yanga: tilembe kuti ndife gulu lobzala mitengo m'mbali mwa mitsinje yothira m'nyanja ya Chilwa, nyumba ya anayo tiitche "malo ophunzitsirako zachilengedwe". Bodza lenileni silinalipo. Mitengo timabzaladi, ndipo nyanjayo inaphwa mu 1995 ndi mu 2018 tikuona ndi maso athu.

Pa msonkhano mlezi wamkulu anangofunsa funso limodzi. "Aphunzitsi, akabwera kudzawerenga mitengoyo, adzaithirire ndani m'chilimwe? Ife tili atatu, ana ali 60, ndipo sitilandira kanthu." Wina anawonjeza kuti tikatenga ndalama ya nazale, tidzakhala anthu a nazale zaka ziwiri, malipoti ake ndi a nazale, alendo ake ndi a nazale, ana ali pansi pa mango pompaja. Ndinayesa kuteteza nzeru yanga mpaka dzuwa kupendeka. A mfumu anatseka ndi mawu akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo anthu anaseka akundiyang'ana.

Uthenga wa thumba la GEF lija tinaupereka kwa komiti yoona za nkhalango ya m'mudzi, amene ntchitoyo ndi yawodi. Kunyumba ndinadya nsima mwakachetechete.

Juni

Opereka thandizo pafupifupi onse amafunsa kuti eni ake mwaikapo chiyani. Ife yankho tinali nalo kale, lija la makolo athu pa chitukuko chilichonse kuyambira nthawi ya MASAF, pulojekiti ija ya boma ya chitukuko cha m'midzi: njerwa, mchenga ndi manja athu. Mvula itangosiya, mabanja anagawana masiku. Zikombole zinayi, amayi kutunga madzi, anyamata kuponda dothi. Pofika pakati pa mwezi uvuni unali utaima, ndipo tinautentha usiku uwiri ndi nkhuni zimene tinagula ndi ndalama yosonkha. Ndinaujambula bwinobwino n'kuika chithunzicho patsamba loyamba la pulopozo yathu, monyadira.

Patapita masiku khumi ndinalandira foni kuchokera ku limodzi mwa mabungwe amene tinawalembera. Anali mayi waulemu kwambiri. Anayamikira kalembedwe, kenako anati, "Bambo, chithunzi chili patsamba loyambachi muchichotse." Anandifotokozera kuti kuyambira 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo, ndipo iwo sangaike ndalama pa nyumba ya njerwa zotere. Zofunika ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zija zopanikiza pa makina, zosakaniza dothi ndi simenti pang'ono.

Ndinakhala pa chitsa kwa nthawi ndithu ndisanapite kukauza anthu. Chimene tinkachiyesa mphamvu yathu chinasanduka umboni wotitsutsa, chithunzi cha nkhuni zimene tawotcha. Ndipo ine, munthu amene mwezi wathawu ndinkafuna kutitcha gulu losamalira zachilengedwe! Safunsa anadya phula. Tikanafunsa kwa woona za zomangamanga ku khonsolo tisanaponde dothi, akanatiuza mwa mphindi imodzi.

Pa msonkhano panali mawu owawa. Agogo ena aakazi anafunsa ngati lamulolo linafika ku Chinamwali ndi ku Matawale kumene mauvuni amafuka tsiku ndi tsiku. Ndinawayankha kuti nyumba za anthu paokha ndi nkhani ina. Sanakhutire, ndipo sindikuwanena. Koma mmisiri anatitulutsa m'thengo: njerwazo zigulitsidwe kwa omanga nyumba zawo pa Jali, ndalamayo igule simenti, ndipo iye abwereka chikombole cha mabuloko kwa mnzake. Mchenga tili nawo wambiri kumtsinje. Bajeti yalembedwanso kachitatu, ndipo makotesheni a m'mashopu a ku tauni amangokhala ndi moyo masiku ochepa, chifukwa mtengo wa simenti sukugona malo amodzi.

Julayi

Fomu ina inafunsa umboni wakuti malo ndi athu. Malowo anapereka ndi malemu a mfumu akale, pakamwa, anthu onse akumva. Titangoyamba kuyeza ndi chingwe, mphwawo wina anatulukira kuti mbali ya kummawa ndi munda wa amayi ake. Zinatenga mabwalo awiri. Pomaliza tinamusiyira mizere isanu, ndipo a mfumu, a gulupu ndi a T/A anadinda kalata yosonyeza malire. Tabzala nkhadze m'malire monse.

Fomu yomweyo inafuna ndondomeko yotetezera ana. Tinakhala ndi alangizi oona za ana n'kulemba tsamba limodzi m'Chichewa: mwana samenyedwa, mlezi sakhala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, mwana satengedwa ndi munthu wosadziwika, ndipo pakachitika kanthu tikanena kwa yani. Poyamba ndinkaziona ngati zongokondweretsa azungu. Pokambirana, alezi anatulutsa nkhani ziwiri zimene komiti sinkazidziwa. Tsambalo tsopano lamatidwa pa chitseko cha tchalitchi.

Za khonsolo: ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), zimene zinakwera kuchoka pa K100 miliyoni kufika pa K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu bajeti ya 2024, komanso za DDF (thumba la chitukuko la khonsolo), sizipemphedwa ndi kalata yopita kwa bwanamkubwa monga ndinkaganizira. Chitukuko chimayenera kuyambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), chilowe m'mapulani a mudzi, chikwere ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la T/A), kenako ku khonsolo. Titafufuza tinapeza kuti sukulu yathu sinalembedwepo n'komwe. Zaka ziwiri tinkadandaula kuti boma latiiwala, chonsecho sitinadziike pa mzere. Tsopano talembedwa, kumbuyo kwa mlatho ndi mijigo iwiri.

Kampeni itayamba, mmodzi mwa opikisana nawo pa mpando wa phungu anatumiza anyamata ake kudzanena kuti malata 40 alipo, abwera nawo pa msonkhano wake, ana aimbe nyimbo ndipo alezi avale nsalu. Komiti inagawanika pakati. Ena anati malata alibe chipani. Ndinawakumbutsa kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, komanso kuti m'mapulopozo onse tinasaina kuti gulu lathu silili mbali ya chipani chilichonse. Atcheya anayankha anyamatawo mwaulemu: "Mukawauze bwana kuti tathokoza. Malatawo atisungire, tidzawalandira mu Okutobala, apambane asapambane." Anyamatawo anaseka, ife tinasekanso.

Ogasiti

Kalata imodzi yabwera yokana. Mizere itatu: analandira mapempho ochuluka kuposa ndalama zimene ali nazo. Ndinawalembera kufunsa chimene tingakonze, ndipo anayankha kuti sitinafotokoze kuti nyumbayo ikatha, phala ndi alezi zidzayenda bwanji. Anali ndi mfundo. Tawonjezera ndime ya munda wa sukulu, umene chaka chino unatipatsa chimanga ndi soya wa phala la miyezi inayi.

Pamene makalata akuyenda, ndalama yeniyeni yachokera kufupi. Njerwa zagulidwa zonse. Nandolo wa m'munda wa gulu tagulitsa. Mabanki m'khonde atatu a m'mudzi muno anagwirizana kuti thumba lawo la zadzidzidzi lipereke kachigawo. Inu a ku Joni munatumiza kawiri, a ku Blantyre kamodzi, ndipo zonse zinalowa ku akaunti, osati pa foni ya munthu. Mwini shopu wina wa ku tauni, amene mayi ake anachokera kuno, anapereka matumba asanu a simenti ndi waya. Kumsikiti ndi ku matchalitchi awiri anasonkhetsa tsiku limodzi lopembedza. Mabuloko 600 aumbidwa ndipo amayi akuwathirira m'mawa ndi madzulo.

Pa sabata yachitatu mayi uja wa foni anabwera yekha, osatichenjeza, ndi dalaivala basi. Ine ndinathamangira kunyumba kukatenga pulopozo ndi tayi. Pobwera ndinapeza atakhala pa mkeka ndi msungichuma, akutsegula buku lija la chikuto chofiira tsamba ndi tsamba. Malisiti onse amatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa, lililonse pa tsiku lake. Anafika pa Epulo, pa mzere wanga uja wa "palibe", n'kufunsa kuti chimenechi n'chiyani. Msungichuma anati, "Aphunzitsiwa anapita ku boma n'kubwerako chimanjamanja, ndiye tinalemba." Mayiyo anaseka, anajambula tsambalo ndi foni. Anawerenga mabuloko, anayang'ana kalata ya malo, anacheza ndi alezi ife titauzidwa kuti titalikire. Pulopozo yanga ya masamba 14, imene ndinaisinira usiku wambiri ndi tochi, sanaitsegule. Tayi ndinaivula ndekha.

Sanalonjeze kanthu. Anati komiti yawo imakumana kumapeto kwa chaka, ndipo ngati angathandize, kudzakhala kumalizitsa pamene ife tafika, osati kuyambira pansi.

Seputembala, sabata yomaliza

Chisankho cha pa 16 chadutsa, ndipo za malata 40 aja sitinamvenso. Atcheya akuti adikira Okutobala athe kuti asamunamizire munthu.

Mmene zilili lero: maziko a zipinda ziwiri akumbidwa ndi kuthiridwa konkire. Khoma lafika m'chiuno mwa munthu wamkulu mbali zitatu. Simenti yatsala matumba awiri. Dzenje la chimbudzi chimodzi lakumbidwa ndipo taliphimba ndi mitengo ndi minga kuti ana asayandikire. Pulopozo imodzi yakanidwa, imodzi ikudikira komiti ya kumapeto kwa chaka, ina sinayankhidwe ndipo ndidzaimbanso Lolemba. Ku ADC tidzapita khansala watsopano akangolumbira, kuti dzina lathu lisagwe pa mndandanda posinthana mipando. Yopita ku ofesi ya kazembe wa Japan taisungira mtsogolo, buku lofiira likadzakhala ndi zaka zokwanira.

Mmisiri akuti khoma losafolera lisakumane ndi mvula ya Disembala lili lotero. Tikapanda kupeza matabwa ndi malata pofika pakati pa Novembala, tidzaphimba pamwamba pa khoma ndi mapepala apulasitiki n'kutsamiritsa miyala, ntchito n'kuima mpaka Epulo. Chofunika msanga ndi matumba 25 a simenti kuti tifike pa linta. Amene mukutumiza, tumizani ku akaunti ya gulu ndipo mundiuze tsiku, kuti msungichuma alembe dzina lanu pa mzere wake. Loweruka likubwerali ndi tsiku la mabanja a kutsidya kwa dambo kututa mchenga. Mubwere ndi ndowa zanu, wilibala ilipo imodzi yokha.